Malangizo okha sangaletse mimba za ana asukulu

Nkhani ya mimba za ana asukulu ikabuka m'dziko muno, aliyense amasanduka mlaliki. Andale amati ana amasiku ano ataya chikhalidwe, abusa amati ndi masiku otsiriza, mafumu amaloza mafoni ndi mavidiyo, ndipo ife am'tauni, tikakhala pamabenchi athu kumsika, timangoti atsikana alero ndi okonda zinthu. Tikatero timabalalika, aliyense mtima uli mbee ngati wagwirapo ntchito. Chaka chikatha mimba zija zili pomwepo.

Lero ndikufuna tiikambe nkhaniyi mosiyanako. Alipo anthu omwe akhala akuchita kafukufuku pa za atsikana kwa zaka zoposa 20, kuno kwathu ndi m'maiko anzathu a mu Africa, ndipo zomwe apeza sizikugwirizana ndi ulaliki wathuwu. Apeza kuti mtsikana wosauka malangizo ali nawo kale ambirimbiri. Chomwe amasowa ndi sopo, yunifomu, makope ndi chakudya, ndipo akazipeza pakhomo pa makolo ake, chidyamakanda chimasowa polowera. Ine maphunziro a kuyunivesite ndinawasiyira panjira, koma ziwerengero zomwe ndikupatseni pano sizilira digiri ayi. Aliyense wodziwa kubweza chenji azimva bwinobwino.

Tiyambe ndi kukula kwa vutoli. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo yemwe ofesi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, boma lomwe linalengeza kuti m'miyezi yowerengeka chabe atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja.

Izitu si nkhani za manyazi chabe. Mtsikana wa zaka 14 kapena 15 thupi lake limakhala lisanakhwime, ndipo nthawi yochira ikafika mwana amatha kukanika kutuluka. Akachedwa kufika kuchipatala, mwana amafera m'mimba, iye n'kutsala ndi bala la mkati lomwe limamuchititsa kudontha mkodzo usiku ndi usana, matenda aja achipatala amati fistula. Ku Bwaila ku Lilongwe kuli chipatala chapadera chosoka amayi otere. Ena amadwala kuthamanga kwa magazi mpaka kukomoka, ena amataya magazi ambiri, ena poopa makolo ndi aphunzitsi amakachotsa mimba kwa asing'anga n'kukafikira kumanda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limaika mavuto a uchembere pakati pa zinthu zomwe zimapha kwambiri atsikana a zaka 15 mpaka 19.

Tsono dziko lachitapo chiyani? Malamulo tili nawo okwanira. Kuyambira 1993 mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati loti munthu azikwatira kapena kukwatiwa atakwanitsa zaka 18, ndipo mu 2017 anakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezi. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka mpaka kunja pothetsa maukwati a ana mazanamazana. Zonsezi n'zabwino ndithu. Koma lamulo likamuchotsa mtsikana kubanja, amabwerera kunyumba yomwe ija yopanda ufa imene inamuthamangitsa poyamba. Nanga pamenepo tathetsa chiyani?

Kupatula malamulo, chida chathu chachikulu chakhala pakamwa: misonkhano, masewero, nyimbo, zitenje zolembedwa mauthenga. Kodi zimenezi zimagwira ntchito? Funsoli anthu analiyesa kale ku Mwanza m'dziko la Tanzania. Kuyambira 1999, m'madera 20, theka la maderawo ana a pulayimale anaphunzitsidwa mwadongosolo za kugonana, Edzi ndi mimba, pamene theka linalo anangopitiriza monga mwa nthawi zonse. Ntchitoyi inkatchedwa MEMA kwa Vijana. Patapita zaka, ofufuza atabwerera, anapeza kuti achinyamata ophunzitsidwa aja ankadziwa zambiri ndipo ankayankha mafunso mwanzeru. Koma atawayeza magazi ndi kuwerenga mimba, panalibe kusiyana kwenikweni ndi anzawo aja. Nzeru zinalowa m'mutu, koma moyo wawo sunasinthe.

Tsopano tibwere kwathu konkuno, ku Zomba, komwe kunachitika kafukufuku yemwe akatswiri a m'maiko ambiri amamutchula mpaka lero, pamene eni akefe ambiri sitinamumvepo. Ofufuza atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, anatenga madera 176 a m'boma la Zomba n'kulemba atsikana pafupifupi 3,800 osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Maderawo anawagawa mwamaere kuti pasakhale kukondera. M'madera ena atsikana ndi makolo awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi m'zaka za 2008 ndi 2009, m'madera ena sankalandira kanthu. Ndalama zake sizinali zambiri ayi. Kholo linkalandira pakati pa madola 4 ndi 10, mtsikana mwiniwake pakati pa dola imodzi ndi madola 5, nthawi imene dola imodzi inali pafupifupi K140. Mwa olandirawo, ena anauzidwa kuti ndalama zizibwera pokhapokha mtsikana akamapita kusukulu masiku 8 mwa 10 alionse, pamene ena ankangolandira popanda lamulo lililonse.

Patatha chaka ndi theka anawayeza magazi. Mwa atsikana omwe anali pasukulu pamene ntchitoyi inkayamba, m'madera osalandira ndalama 30 mwa 1,000 alionse anapezeka ndi kachirombo ka HIV. M'madera olandira ndalama anapezeka 12 mwa 1,000. Pa matenda ena opatsirana pogonana otchedwa herpes, kusiyana kwake kunali 30 ndi 7. Atsikana olandira ndalama analinso ochepa omwe anali ndi zibwenzi za amuna a zaka 25 kapena kuposerapo. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2012 m'magazini ya madokotala ya The Lancet.

Taganizani bwino, abale anzanga. Atsikanawa sanapatsidwe phunziro lapadera la Edzi. Sanawatengere kumsonkhano kunyanja. Anangopatsidwa kandalama kogulira sopo ndi mafuta odzola, basi, ndipo ambiri anawakana okha madoda aja. Kodi pamenepa tinganenebe kuti vuto ndi kusamva?

Za mimba ndi maukwati nazo zinaonetsa chinthu chofunika kuchimvetsa. Ndalama zokhala ndi lamulo lopita kusukulu zinathandiza kwambiri kuti atsikana asamajombe, ndipo anakhoza bwinoko mayeso owerenga Chingerezi. Koma zomwe zinachepetsa kwambiri maukwati ndi mimba ndi ndalama zopanda lamulo zija. Pomwe kwa osalandira kukanakwatiwa atsikana 100, kwa olandira popanda lamulo kunakwatiwa 56, ndipo pomwe kukanakhala mimba 100 kunali 73. Chifukwa chake n'chosavuta. Mtsikana wa gulu lalamulo akasiya sukulu, ndalama zinkaduka nthawi yomweyo, iye n'kutsala wopanda sukulu, wopandanso ndalama, ndiye banja linali pafupi. Mnzake wa gulu linalo akasiya sukulu ankalandirabe, choncho panalibe chomuthamangitsira kwa mwamuna. Apa phunziro ndi lakuti mwana amene wagwa ndiye wofunika kumugwira dzanja kwambiri, pamene ife mwambo wathu ndi womulanga pomulanda ngakhale kochepa komwe anali nako.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za ku Zomba kokha. Ayi. Kumadzulo kwa dziko la Kenya, Esther Duflo, Pascaline Dupas ndi Michael Kremer anayesa njira ziwiri m'sukulu za pulayimale 328. M'sukulu zina anapereka yunifomu yaulere, m'sukulu zina anaphunzitsa aphunzitsi kaphunzitsidwe ka silabasi ya boma ya Edzi yomwe inkatsindika za kudziletsa mpaka ukwati. Patatha zaka zitatu, komwe kunaperekedwa yunifomu atsikana osiya sukulu anachepa ndipo mimba zinatsika kuchoka pa 16 kufika pa 13 mwa atsikana 100 alionse. Komwe kunali silabasi yokha mimba sizinatsike. Yunifomu ya madola 6 inachita zomwe maphunziro a kudziletsa analephera. Awiri mwa ofufuzawa, Duflo ndi Kremer, anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa cha kafukufuku wa mtundu umenewu.

Sindikunena kuti mawu alibe ntchito konse. Ku Kenya komweko Dupas anayesanso chinthu china. Ana a sitandade 8 anangowaonetsa ziwerengero zoona za mmene HIV yafalira pakati pa amuna a misinkhu yosiyanasiyana, kuti aone okha kuti bambo wa zaka 30 ndi woopsa kwambiri kuposa mnyamata wa msinkhu wawo. M'chaka chotsatira mimba zinatsika ndi 28 pa 100 zilizonse, makamaka mimba zopatsidwa ndi amuna akuluakulu. Ndiye kuti mawu amene amagwira ntchito ndi onena zoona zenizeni zomwe mtsikana angazigwiritse ntchito mawa lomwe, osati omuopseza ndi moto wa kugehena. Koma kodi ndi mphunzitsi uti, ndi mfumu iti, ndi phungu uti amene angaime pagulu n'kunena kuti choopsa chachikulu kwa mwana wa fomu 1 ndi bambo wa galimoto? Mwina ena akuopa kudzitchula okha.

Tsono ndiyankhe zomwe ndikudziwa kuti ena mwa inu mukung'ung'udza.

Choyamba, ena akuti ndalama si mankhwala a chilichonse. N'zoona. Ku Mpumalanga m'dziko la South Africa anayesa zofanana ndi za ku Zomba pa atsikana oposa 2,500, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti ndalamazo sizinachepetse HIV. Koma taonani chifukwa chake. Kumeneko atsikana 95 mwa 100 alionse ankapita kale kusukulu, olandira ndi osalandira omwe. Kunalibe dzenje loti ndalamazo zikwirire. Ngakhale zinali choncho, atsikana olandira ndalama anali ochepa omwe ankamenyedwa ndi zibwenzi zawo. Kwathu kuno, komwe atsikana ambiri safika ndi ku sekondale komwe, dzenje lilipo ndipo ndi lakuya.

Chachiwiri, ena akufunsa kuti nanga ndalamazo zikatha? Funso limeneli ndiye lenileni, ndipo ofufuza a ku Zomba sanalithawe. Anabwerera patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya kuperekedwa, ndipo zomwe anapeza anazisindikiza mu 2019. Kwa atsikana olandira popanda lamulo aja phindu lonse linali litafufutika. Ndalama zitangoduka anakwatiwa ndi kutenga mimba motsatizana mpaka anafanana ndi anzawo osalandira. Chomwe chinatsalako n'chakuti ana omwe anabadwa nthawi ya ndalama ija anakula bwinoko mu msinkhu. Koma panali gulu limodzi lomwe phindu lake linakhalitsa: atsikana omwe anali atasiya kale sukulu pachiyambi, n'kupatsidwa ndalama kuti abwerere m'kalasi. Amenewa anaphunzira zaka zochulukirapo, anachedwa kukwatiwa ndipo anali ndi ana ochepa, ngakhale ndalama zitatha.

Ena amatenga zimenezi ngati umboni woti njirayi ndi yosathandiza. Ine ndikuona mosiyana. Munthu akamwa mankhwala a shuga n'kupeza bwino, kenako n'kusiya, matenda n'kubwerera, sitinena kuti mankhwalawo ndi achabe. Timati amwebe. Umphawi sunathe ku Zomba mu 2009, chomwe chinatha ndi pulojekiti. Ndipo apa ndi pomwe pagona vuto la dziko lathu: chilichonse chokhudza atsikana timachisiya m'manja mwa mabungwe akunja, omwe amabwera ndi zaka ziwiri kapena zitatu, n'kujambula zithunzi, n'kumapita. Mtsikana amalowa m'zaka zoopsa ali ndi 13 ndipo amatulukamo ali ndi 19. Pulojekiti ya zaka ziwiri ili ngati mlatho wothera pakati pa mtsinje.

Chachitatu, ena akuti boma lilibe ndalama. Aaa, abale! Ndalama za misonkhano ya ku Mangochi ndi ku Salima zimapezeka bwanji? Akuluakulu amakagona kuhotela masiku atatu kukambirana za "mwana wamkazi", aliyense n'kusainira alawansi yoti ikanasunga atsikana angapo pasukulu teremu yonse. Njira yoperekera ndalama nayo ilipo kale. Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo anafalikira m'maboma onse. Chomwe chikusowa ndi kulimba mtima kolemba mzere mu bajeti ya dziko wonena kuti mtsikana wa pabanja losauka azilandira kenakake mwezi ndi mwezi kuyambira sitandade 7 mpaka atalemba mayeso a fomu 4. Gawo lina lizipita m'manja mwa mtsikana mwiniwake monga anachitira ku Zomba, lisamaduke chifukwa wadwala kapena watenga mimba, ndipo liziwonjezeka kwa iye amene wabwerera kusukulu atabereka. Kuchotsa fizi kokha sikukwanira, pakuti mwana sadya fizi, savala fizi, ndipo amene sukulu ili kutali amafunikanso ya lendi.

Kuchipatala nako kukufunika kusintha, chifukwa ngakhale titatani atsikana ena azigonanabe, monga momwe zinalili nthawi ya agogo athu. Mu 2016 ndi 2017 kafukufuku wotchedwa Girl Power anatsata atsikana 1,000 m'zipatala zinayi za ku Lilongwe. Komwe atsikana anapatsidwa malo awoawo, nthawi yowayenera ndi anamwino ophunzitsidwa kulandira achinyamata mosawaweruza, ochuluka zedi anayezetsa magazi, anatenga makondomu ndi njira zolera kusiyana ndi komwe zinthu zinali mwa masiku onse. Mwana wasukulu sangaime pamzere umodzi ndi azakhali ake, m'mawa nthawi ya kalasi, kuti akafunsidwe mokweza kuti "iwenso wayamba?" Izi sizilira nyumba zatsopano. Zimalira chitseko chotseka, maola a madzulo ndi namwino wosunga pakamwa.

Tsopano nditembenukire kwa inu anzanga a geni, a ku Limbe, ku Ndirande, ku Tsoka ndi ku Mzuzu, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza pawiri. Poyamba, ndalama zomwe zimagula ana asukulu sizichokera kumwamba. Zina zimachokera m'matumba mwathu momwemu. Tonse timamudziwa mnzathu amene amapatsa mwana wa yunifomu chipisi chaulere pachiwaya, kapena kumusankhira diresi pa kaunjika n'kumuuza kuti adzalipira "mwa njira ina". Timaseka, timamutcha dolo. Munthu ameneyu si dolo, ndi wogwirira ana, ndipo malamulo a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Makomiti a m'misika amatha kulanda benchi ya munthu wakuba tomato. Alephera bwanji kuchita chimodzimodzi kwa woba tsogolo la mwana wa mnzake?

Kachiwiri, ambiri a ife tili ndi achemwali ndi adzukulu kumudzi, kapena timasunga mwana wa mbale wathu kuno kutauni. Kafukufuku wa ku Zomba akutiuza kuti kandalama kochepa kofika mwezi uliwonse mosaphonya, m'manja mwa mtsikana mwiniwake, kamachita zazikulu. Masiku ano kutumiza ndalama pafoni ndi nkhani ya mphindi imodzi. Magulu athu a chipereganyu ndi banki m'khonde amasonkha za maliro ndi za zinkhoswe mosavuta. Bwanji osasonkhanso za sopo ndi makope a atsikana awiri kapena atatu, mpaka amalize? Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo mwana akalakwa n'kutenga mimba, tisamudule thandizo pofuna kumuphunzitsa mwambo. Imeneyo ndiyo nthawi yomwe akulifuna koposa.

Kwa inu ophunzira a m'makoleji, makamaka a ku Zomba ndi a sukulu ya zaumoyo ku Blantyre, ndili ndi pempho. Atsikana a m'midzi anapereka magazi awo ndipo anayankha mafunso a zinsinsi zawo kwa zaka zambiri. Zotsatira zake zinalembedwa m'Chingerezi chovuta, m'magazini omwe amawerengedwa ku London ndi ku Washington. Kodi amayi a ku Jali kapena ku Thondwe anamvapo kuti ana awo anaphunzitsa dziko lonse lapansi chinthu chachikulu chotere? Inu ndinu odziwa zilankhulo zonse ziwiri. Zitengeni nkhanizi muzikambe pawailesi, m'mipingo ndi m'mabwalo a mafumu, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka. Makomiti omwe amapereka chilolezo cha kafukufuku m'dziko muno nawonso azionetsetsa kuti wofufuza aliyense wabwerera kukauza eni ake zomwe wapeza, m'chilankhulo chawo. Anthu akadziwa kuti yankho linapezeka kale, adzasiya kuwomba m'manja phungu akamawalalikira za chikhalidwe, adzayamba kumufunsa za bajeti.

Makolo apitirize kulangiza ana awo, abusa apitirize kulalika, anamkungwi apitirize ntchito yawo. Palibe akuwaletsa. Koma boma si mpingo ndipo si nankungwi. Ntchito yake ndi kutolera misonkho ndi kuigwiritsa ntchito pa zinthu zomwe zaoneka kuti zimathandiza. Misonkhoyo timalipira ife tsiku ndi tsiku, pa chiphaso cha pamsika ndi pa paketi ya shuga iliyonse. Choncho phungu wa kwanu akadzabwera ndi chitenje cholembedwa za mwana wamkazi, mulandireni mwaulemu, mumupatse mpando, kenako mumufunse kuti mu bajeti ya chaka chino mtsikana wosauka wa sitandade 7 amulembera ndalama zingati pamwezi, ndipo azilandira mpaka liti.